Chimpeni cha Mapesi ndi Ndalama za Abambo

Shigou, Shanxi
14 Novembala 2010

Okondedwa Achemwali a Cuilan,

Ndalama ya dziko lino ndi ndalama ya anthu, ndipo siifa. Ikang'ambika, ikapsa, ikadyedwa ndi mbewa, mwini wake aibweretse ku banki ndipo adzapatsidwa ina tsiku lomwelo, kwaulere. Palibe nzika imene idzabwerere kwawo chimanjamanja. Mawu amenewa ali pa chikwangwani chofiira chimene chili pamwamba pa windo langa kuntchito, ndipo ndakhala pansi pake zaka khumi ndi chimodzi. Ndayamba nawo kuti mudziwe kuti mng'ono wanu akadali pantchito, komanso kuti zimene ndikulembereni m'munsimu, malinga ndi chikwangwanicho, sizingachitike.

Ndikhulupirira muli bwino, inu ndi alamu ndi ka Tingting, ndiponso kuti chifuwa cha guluu wa ku fakitale ya nsapatoyo chakusiyani. Ine ndili bwino. Ndasankha kalata chifukwa pa foni mumayamba kulira ndisanafike pakati pa nkhani, pamene nkhani iyi fupa lake lili pakati pomwepo.

Mutangobwerera ku Dongguan maliro atatha, amayi ankakonza pa kang, bedi lija la njerwa lofunditsa ndi moto, pamene ankagona abambo ndipo anapeza njerwa imodzi ikugwedera. Kuseri kwake kunali mitolo itatu ya ndalama zofiira, zonse za 100, pamodzi ma yuan 30,000. Zimenezo ndi nkhosa za zaka makumi awiri. Abambo anali atamanga mitolo yonse itatu pamodzi, waya kunsonga zonse ziwiri, yothina ngati njerwa imene inkaibisayo. Mukukumbuka mawu awo omaliza, poti munalipo: "Chimene ndasiya chipite kumene apite amayi anu." Tonse tinkayesa akunena kabati ndi zofunda.

Achemwali, amayi sanakondedwepo ngati mmene anakondedwera milungu imeneyo. Alamu a Xiuqin, akazi a achimwene a Mancang, amene kwa zaka zisanu ankadutsa pachipata chathu atayang'ana kumwamba, anayamba kubwera ndi msuzi wa nkhuku. Mkazi wa Yougen, mlongo wathu wamng'ono, anayamba kuwasambitsa mapazi madzulo alionse mpaka khungu linayamba kusupuka. Amayi ankangolandira zonse mwakachetechete, ngati munthu amene wapatsidwa chenji chambiri molakwitsa.

Tsiku la 49 chimwalirire abambo, titachoka kumanda, amalume a Dou anatikhazika pabwalo la nyumba yakale kuti agamule, monga amachitira mlongo wa mayi aliyense. Unali usana, dzuwa lili bwino. Ndalama zinali patebulo pakati pa makapu. Pafupi ndi khoma panali chimpeni chija chodulira mapesi a ng'ombe, chomangirira pa chipika, chili chotukula chifukwa m'mawa wa tsikulo Yougen ankachinola. Mukuchidziwa. Kuyambira ali ana, Yougen ndiye ankagwada n'kumalowetsa mapesi, achimwene a Mancang n'kumatsitsa mpeni. Zaka makumi atatu, osakandana ngakhale chikhadabo. Abambo ankanyadira zimenezi kuposa satifiketi yanga ya sekondale.

Amalume anati, "Ana inu, nkhani iyi ndi yaifupi. Ndalama zigawidwe pakati, amayi anu azikhala mwezi uku, mwezi uko. Mudzi wonse umatero."

Achimwene a Mancang anati, "Amalume, abambo sananene zogawa. Anati zipite kumene apite amayi, ndipo amayi amapita kwa mwana wamwamuna wamkulu. Mphika wa maliro anaphwanya ndani pachipata? Si ine?"

"Kuphwanya ndiye mumatha, achimwene," anatero Yougen. "Nanga zaka zisanu ndi zitatu ankawatembenuza ndani abambo pa kang? Inu mumabwera pa Chaka Chatsopano ndi malalanje anayi, n'kudyapo atatu."

Alamu a Xiuqin analumphira. "Tamumvani dokotala wathu! Wodwazika wanji wogulitsa nkhosa za wodwala kukatchovera njuga? Ukuyesa sitinamve?"

"Alamu, nkhani za banja la Hao zisiyireni a Hao. Inu pitani mukaone ngati nkhuku zatsala, mwapha zambiri mwezi uno."

Zinapitirira choncho kwa ola lathunthu. Amayi palibe anawafunsa kanthu. Anakhala pa kampando pakhomo akutonola chimanga m'mbale.

Tsopano ndifike pa ine. Inu ndi ine ndife madzi otayidwa, ana aakazi okwatiwa, tilibe gawo, ndipo ndinaitanidwa kudzathira tiyi basi. Koma pakamwa panga mumapadziwa. Ndinati, "Ngati kugawa n'koletsedwa, ingodulani. Kwathu ku banki theka la ndalama timalipira theka. Amayi okha ndi amene sindikudziwa kuti theka lawo lili pa bwanji."

Amalume anaseka. Ine ndinasangalala kuti ndawaseketsa. Ndikulemba zimenezi kuti musadzamve kwa wina.

Yougen anali atamwa makapu atatu a kachasu wa mapira. Anatsomphola ndalama zija, n'kukagwada pa chipika, n'kuziika pansi pa mpeni.

"Bwerani, achimwene. Malo anu ndi awo."

Achimwene anadzuka n'kukagwira chigwiriro. Ndikhulupirira kuti poyamba ankangofuna kuti mpeni usagwe wokha. Koma Yougen anayamba kuzilowetsa pang'onopang'ono monga amalowetsera mapesi, chipongwe chilichonse n'kukankha pang'ono.

"Dulani, mwana wamkulu." Anakankha. "Dulani tione ngati alamu anakusiyirani kalikonse m'bulukumo." Anakankhanso. "Kapena mupemphe kaye chilolezo? Alamu, aloleni adule!"

Alamu anakuwa kuti, "Bambo a Junjun, mungoima choncho kamwana aka kakukuvulani pamaso pa amalume?"

Mpeni unatsika.

Achemwali, mapepala mazana atatu omanga ndi waya si mapesi. Mpeni unalowa n'kuima pakati. Zala ziwiri za Yougen, chamkombaphala ndi chapakati, zinali pansi pake. Sanakuwe. Anangoyang'ana m'mwamba n'kunena motsitsa, ngati mmene ankanenera ali mwana akafuna kupuma, "Achimwene, dzanja." Achimwene anatukula mpeni pang'ono. Ine ndinapuma, ndinkayesa akumumasula. Kenako analumpha n'kutsamira chigwiriro ndi thupi lonse.

Kachiwiriko mpeni unafika pa chipika.

Zotsatira zake sindinazione mwadongosolo. Mkazi wa Yougen anatola fosholo ya malasha n'kumenya achimwene pa khutu, khutu n'kulendewera. Alamu a Xiuqin anamuluma mkaziyo pa tsaya. Amalume analowa pakati kukaleretsa ndipo anatulukamo opanda dzino lakutsogolo. Tebulo linagwa, magazi anafika mpaka pa chimanga choyanika. Chimene ndinaona bwinobwino ndi ichi: pakati pa zibakera zonsezo, alamu anapeza mpata wowerama n'kulowetsa m'malaya theka limene linagwera kunja kwa mpeni. Theka linalo linali m'dzanja la Yougen, atalifumbata ndi zala zitatu zotsala. Amayi anakhuthula chimanga, n'kutola zala ziwiri zija kuziika m'mbale, uku akuingitsa nkhuku ndi phazi.

Tinayenda maola awiri pa njinga yamoto ya matayala atatu kupita ku chipatala cha m'tauni, amayi atafungatira mbale. Adokotala anasuzumiramo n'kunena kuti mafupa anyenyeka, sizingalumikizike. Wapolisi atabwera kudzafunsa, onse anayang'ana ine, poti ndine wophunzira. Ndinati inali ngozi ya podula mapesi. Kuwononga ndalama mwadala kuli ndi chindapusa chofika 10,000, ndipo kudula zala za m'bale wako mwadala ndi ndende. Ngozi ndi yaulere. Ndinasaina.

Tsopano ndikuuzeni mmene timagwirira ntchito, kuti mumvetse kupusa kwa nthabwala yanga. Ndalama yowonongeka timaiika pansi pa kagalasi kamizeremizere n'kuiyeza. Ikatsala magawo atatu mwa anayi, timalipira yonse. Ikatsala theka kapena kupitirira pang'ono, timalipira theka. Ikapanda kufika theka, ndi pepala. Zimenezi pa chikwangwani zilipo, koma m'munsi, m'zilembo zofuna magalasi. Ine ndinawauza za theka. Sindinawauze kuti munthu woledzera sadula pakati penipeni.

Oyamba kufika pa windo langa anali alamu a Xiuqin, patangopita masiku awiri. Ndinayeza. Zidutswa zawo zinapitirira theka ndi mulifupi mwa chikhadabo, chifukwa Yougen uja ankakankha. Ndinati, "Alamu, apa mupeza 15,000. Koma mukabwera nazo pamodzi ndi za Yougen, n'kuzimata chilichonse ndi chinzake, ndi 30,000 yonse."

Anafunsa kuti, "Nanga za iyeyo pazokha?"

"Ngati zanu zapitirira theka, mukuganiza bwanji?"

Achemwali, ndaona anthu akumwetulira atawina mphoto ya banki, koma kumwetulira kotero sindinakuonepo. Anati, "Ndiye kuti iye popanda ife alibe kanthu." Anazikulunganso. "Ndidikira. Njala ikamugwira ndimugula zidutswa zakezo pa 3,000."

Yougen anabwera atatuluka m'chipatala, dzanja litakulungidwa ngati chibonga. Anatenga nambala n'kukhala pa mzere ngati aliyense. Analowetsa mtolo wake pa kabowo, wouma ndi magazi. Ndinayeza chidutswa chapamwamba, chapakati ndi chapansi.

"Sizikufika, Yougen."

"Yezaninso, alongo."

Ndinayezanso. Kamera inali kumutu kwanga, abwana ali kumbuyo kwanga akunamizira kuwerenga nyuzi.

"Zikuperewera bwanji?"

"Pang'ono. Chonchi."

Anaseka. "Onjezanipo zala ziwiri. Zikwana?"

Kenako anayamba kumenya galasi la windo ndi dzanja lovulalalo. Kamodzi, kawiri, kasanu, bandeji n'kufiira. Galasi lathu silisweka, analipangira achifwamba. Mlonda anamumenya ndi ndodo kumbuyo kwa mawondo n'kumukokera panja pomugwira kolala, anthu a pa mzere n'kusuntha aliyense mpando umodzi kutsogolo. Ndinamuthamangira n'kumubwezera mtolo wake. Ndinamuuza chinthu chimodzi: asamasule waya. Nambala ya ndalama ili mbali imodzi yokha, ndiye njira yodziwira chidutswa ndi chinzake ndi ndondomeko imene zinagonera mu mtolo, choyamba ndi choyamba, chachiwiri ndi chachiwiri. Mitolo yonse iwiri ikakhala yomanga, ndi ntchito ya tsiku limodzi ndi botolo limodzi la guluu.

Msuzi wa nkhuku unali utasiya kale kubwera. Mapazi a amayi anayamba kuchira.

Ndinapita kwa achimwene a Mancang alamu atapita kumsika. Ndinawapeza atakhala m'khola la ng'ombe, khutu litasokedwa mokhota. Chimpeni chija anakachiponya m'chigwembe cha kuseri kwa mudzi.

Anati, "Guizhi, kachiwiri kaja sindikukakumbuka."

Ndinati, "Ine ndikukakumbuka. Tsiku lotumiza zovala za chisanu kwa akufa tonse tikakhala kumanda. Mubwere ndi theka lanu, mukalipereke m'manja mwa amayi pamaso pa abambo. Mukapanda kutero ndikakakumbukira kupolisi."

Ndinadziwa kuti amva. Yougen ndinangomuuza kuti abwere ndi zake ndikaziyezenso ndi kagalasi kena. Sindinamuuze kuti achimwene avomera. Ndinkaopa kuti akadziwiratu akana kubwera, komanso, ndinene zoona, ndinkafuna kuona nkhope yake. Ndinkafuna kuti nkhani imene ndinaiyamba ndi pakamwa panga ithe mokongola ndi nzeru zanga. Kumeneko ndiye kulakwa kwanga kwachiwiri.

Tsikulo linali Loweruka, pa 6. Kunali mphepo yoluma. Ndinatenga guluu ndi timapepala tomatira m'chikwama. Amayi anagula zovala za mapepala, chikhoti, buluku ndi nsapato, ndi mitolo ya ndalama za akufa zija zolembedwa mabiliyoni. Anasonkha moto patsogolo pa mwala n'kugwada. "Bambo a ana, valani izi, kwazizira. Musamaumire, gulani malasha okwanira." Achimwene anaima mbali iyi, dzanja lili m'chikhoti. Yougen anaima mbali iyo. Ine ndinkayembekeza kuti amayi amalize.

Yougen sanayembekeze. Anatulutsa mtolo wake, n'kumasula waya ndi mano, n'kuwaza zidutswa zonse pamoto.

"Ababa, landirani zanu. Kumeneko mwina sayeza. Theka linalo mukafunse mwana wanu wamkulu."

Achimwene anabangula ngati ng'ombe. "Chitsiru iwe! Ndabwera nazo! Izi!" Anatulutsa mtolo wawo n'kugwada, dzanja linalo n'kulipisa m'moto kuti awole zidutswa.

Sindikudziwa ngati Yougen anamva. Mwina anangoona munthu amene anamudula zala akutolanso zimene zatsala. Anawamenya theche kumsana, achimwene n'kugwa chafufumimba m'moto, mtolo wawo uli pansi pa chifuwa. Anadzuka chikhoti chikuyaka, nsidze palibe, n'kumugwira Yougen pakhosi. Anagubuduzana pa mtumbira wa abambo. Achimwene ankamenyetsa mutu wa Yougen pa mwala, pamene tinalembetsa mayina awo awiri ngati ana omvera. Yougen ankawakanda m'maso ndi zala zitatu, ulusi wa pa chilonda n'kuduka. Ine ndinkawamenya onse awiri ndi chikwama, botolo la guluu n'kuswekera momwemo. Anawalekanitsa ndi anthu a banja la Kang amene ankawotcha zawo pa manda oyandikana, amuna anayi, mmodzi anachita kuwathira dothi ndi fosholo.

Nthawi yonseyo moto unkadya mitolo yonse iwiri. Inu mukudziwa kuti moto wa akufa sitiuvundula, kuopa kuti ndalama zingafike zong'ambika. Amayi akhala akutimenya pa dzanja chifukwa cha zimenezi kuyambira tili ana. Nditatembenuka ndinawapeza akuuvundula ndi manja awo, akutola tizidutswa tofiira pakati pa phulusa la mabiliyoni n'kumatiika m'mbale imene anabweretsera mabanzi a nsembe.

Pano zinthu zili chonchi. Achimwene a Mancang apsa manja onse ndi theka la nkhope, akudyetsedwa ndi Junjun. Alamu a Xiuqin atamva kuti 15,000 yawo inapita kumanda osawauza, anaphwanya mbale zonse za m'nyumba ndipo anena kuti kumene kulibe ndalama za apongozi kulibenso malo a apongozi. Yougen wasokedwa mutu malo atatu. Wakhoma nyumba yakale ndi loko watsopano n'kupita kwawo kwa mkazi wake, kutsidya kwa mtsinje, akuti sadzapondanso m'Shigou. Amalume akuti alibe ana a mlongo wawo, ndipo akulankhula moyimba mluzu chifukwa cha dzino lija.

Amayi ali kwa ine. Mukudziwa kuti ine ndimakhala m'nyumba ya apongozi anga, zipinda ziwiri anthu asanu. Apongozi sananene mawu oipa. Amangowerenga mabanzi mokweza akamaphula, ndipo dzana anandikumbutsa mwaulemu kuti mayi wokhala ndi ana aamuna awiri amoyo sagonera chisanu pansi pa denga la mkamwini, anthu angaseke a Hao. Anandipatsa mpaka tsiku limene chipale chofewa chidzayambe kugwa. Amuna anga anayang'ana mu supu. Dzulo m'mawa madzi a m'ndowa anauma pamwamba.

Tsopano khalani pansi, Achemwali. Ndagula tikiti. Amayi akwera sitima ku Taiyuan Lolemba pa 22, ndipo afika kwanuko Lachiwiri pa 23. Ayenda ndi mayi wina wa m'mudzi mwathu amene akupita kukalera mdzukulu ku Guangzhou. Ndikudziwa kuti muli ndi chipinda chimodzi, ndikudziwa kuti mumaweruka usiku, ndikudziwanso kuti amuna anu sindinawafunse. Sindinafunse dala, chifukwa mukanakhala ndi zifukwa zabwino zokanira, ndipo ine ndikanazimvetsa. Kwanuko kulibe chisanu. Chifukwa changa ndi chokhacho. Mukwiye nane mmene mungathere, koma mukakhale pa siteshoni.

Manja awo asinthidwe bandeji masiku awiri alionse, mankhwala ndawaika m'thumba lofiira. Mpunga sauzolowera, muziwagulirako ufa wa tirigu, akachira azikanda okha. Chilankhulo cha kumeneko sadzamva ngakhale liwu limodzi, ndiye ndasokera nambala yanu ya foni m'kolala ya chikhoti chawo. Akakufunsani za anyamatawo, muziti akuchira. Ndizitumiza 300 mwezi uliwonse, yathunthu, yosadula.

Moni kwa alamu, ndi kupepesa kwanga. Moni kwa Tingting, mumuuze kuti agogo ake amaliza mkonono koma amadziwa kudula akalulu a mapepala, manja akapola. Achimwene a Mancang akanalemba mzere umodzi pansipa, koma sangagwire cholembera. Yougen sindinamupeze kuti ndimufunse. Abambo tawaveka, chaka chino ali ndi chikhoti ndi ndalama zamitundu iwiri. Amayi ali pambali panga pano, akufunsa ngati ndalemba kuti ali bwino. Ndalemba. Akuti musavutike kugula bedi, iwo ndi aafupi, theka la bedi liwakwana.

Ndine mng'ono wanu wapakamwa,
Guizhi

Ndinaiwala. Lachisanu amayi anabwera ku banki osandiuza, atavala malaya awo a pa Chaka Chatsopano. Anatenga nambala n'kudikira pa mzere. Analowetsa mbale ija pa kabowo ndi manja omanga. Munali zidutswa 214. Ndinaziyeza chimodzichimodzi, pansi pa chikwangwani. Palibe chimene chinafika theka. Anabwerera ndi mbale yokha.